Mpheta Zosungitsa

Tete, 8 Abril 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali a Eneles ndi onse kumudziko. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la Tete likuwotcha monga mwa masiku onse, ndipo ku farmasia ntchito yachuluka.

Ndikulemba mothamanga, a Celso, oyendetsa minibasi, akundikuwira kale kuti shapa yawo yadzaza, inyamuka. Popeza telefoni munaitsekera m'bokosi chimwalirireni amayi, ndilibe njira ina koma pepala.

Chimene chafundidwa ndi thaulocho musachigwedeze. Muli timbalame tiwiri, kakamuna ndi kakakazi. Kuno amatitcha mandarini. Si ndiwo, Ababa, ndaneneratu! Ndaikamo kathumba ka chakudya chake. Madzi muzisintha tsiku lililonse, ndipo khola likhale kutali ndi utsi komanso mphaka. Zina ndidzalemba.

Mundiuze ngati mutu uja unasiya, ndiponso ngati chimanga chauma.

Ndine mwana wanu,
Nilza

Mualadzi, 14 Abril 2024

Wokondedwa mwana wanga Nilza, Nambewe,

Moni wochuluka. Ndakondwa kumva kuti uli bwino. Kuno tadzuka, mutu unasiya, azakhali ako akudandaula bondo lomwe lija. Chimanga chauma, sabata yamawa tiyamba kudula.

Katundu wako anafika Lachiwiri dzuwa litapendeka. Njinga ndinaisiya pakasitolo ka a Sónia kumsewu, ndinayenda wapansi khola lili m'manja, kuopa maenje. Nditafundukula kunyumba ndinaona kuti ndi mpheta. Mpheta zenizeni, Nambewe, zija ndakhala ndikuyingitsa m'mawere kuyambira ndili mwana, kungoti izi zavala bwino. Yaimuna ili ndi mlomo wofiira ngati tsabola wakupsa, masaya ngati dothi la katondo, ndi madontho oyera m'nthiti ngati nkhanga. Yaikazi ndi yotuwa basi. Ndikuzitcha tambala ndi thadzi, popeza mayina ena sindikuwadziwa.

Ndamvetsa chimene watumizira. Mwana akatumiza kumudzi chiweto chachimuna ndi chachikazi, ndiye kuti wasungitsa. Ndizisunga, ziswane, ukadzabwera udzazipeze zonse. Sindinaiwale nkhuku yako yamawanga ija, imene unandisungitsa chaka chimene unapita kukaphunzira ku Chifunde, ine n'kuiphera alendo. Utabwera unangoima pakhola. Patha zaka khumi ndi zitatu koma ndimakuonabe utaima pamenepo. Pa izi sudzaimanso chomwecho.

Khola ndalipachika ndi waya ku mtanda wa denga, mikono iwiri kuchokera pazenera. Pawayapo ndabowoleza chivundikiro cha chitini kuti khoswe asatsike. Kuzungulira nyumba ndathira phulusa kuopa linthumbu. Mphaka ndamupereka kwa azakhali ako.

Ndiulule kuti Lachinayi ndinatsala pang'ono kuzipha ndi njala. Kambale ka chakudya kanakhala kodzaza masiku awiri, ine n'kumati sizikudya chifukwa cha kutopa ndi ulendo. Koma zinkangojompha n'kumalira. Nditapisamo chala ndinapeza mankhusu okhaokha. Zimasenda njere iliyonse n'kusiya khoko momwemo. Palibe anandiuza, ndinazitulukira ndekha. Tsopano m'mawa uliwonse ndimauzira kambaleko ngati ndikupeta, kenako n'kuthiramo masupuni awiri.

A Baxter, oyandikana nafe ochokera ku Zambia aja, anabwera kudzaona. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti, "AMbewe, anzanu akuyingitsa mpheta kumunda, inu mukuzipetera m'nyumba? Zonse ziwirizi sizingatsitse ndi mbamu imodzi yomwe." Ine ndinati, "A Baxter, zanu zimakuberani, izi zimandiimbira." M'mawa mwake anabweranso.

Mafunso anga ndi awa, uyankhe lililonse:

1. Ndayeza chakudya cha m'kathumba, chikwana masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Kodi mawere athu zingadye?
2. Zikusamba m'kambale komwera. Ndi khalidwe lake kapena zili ndi utitiri?
3. Tambala amalira kuyambira m'mawa ngati kalipenga kotsina mphuno. Akukondwa kapena akudandaula?
4. Zimaikira liti?

Chondimvetsa chisoni n'chakuti khola ndi laling'ono. Koma zipirire. Nkhunda zachilendo timazitsekera masabata atatu kuti zizolowere pakhomo, kenako timatsegula, zimakadya kutchire n'kubwera zokha madzulo. Ndalemba kale pakalendala: pa 1 Maio ndidzazitsegulira.

Ndine bambo ako,
Alfredo Mbewe

Tete, 20 Abril 2024

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu ndi azakhali. Ndili bwino. Ndisanayankhe china chilichonse, werengani ichi kawiri: MUSATSEGULE KHOLA. Izi si nkhunda. Zinabadwira m'khola, makolo ake anabadwira m'khola, sizidziwa njira yobwerera. Zikatuluka zapita. Chonde mufufute pakalendala paja.

Ndafunsa mnzanga Érica amene amaweta zambiri. Mawere zidya, ndipo akuti ndi abwino kuposa za m'sitolo. Muziwonjezera tsamba la chisoso kapena bonongwe lotsuka, ndi makoko a mazira ophika, osinja. Mapeyala musazipatse, amapha. Kusamba ndi khalidwe lake, muziikira kambale kena. Tambala akukondwa, akuimbira mkazi wake. Za kuikira musade nkhawa, zikapeza kachisa zidzadziwa zokha.

Za mankhusu zija Érica akuti iye anataya mbalame ziwiri asanazindikire. Akuti ndinu mlimi weniweni.

Ndine mwana wanu,
Nilza

Mualadzi, 3 Maio 2024

Wokondedwa Nilza,

Moni. Tili bwino. Kalata yako ya pa 20 Abril yafika lero Lachisanu. A Celso akuti shapa inawonongeka, inakhala kwa amakanika masiku khumi ndi awiri, kalata ili m'thumba la malaya awo. Ndaiwerenga kawiri monga unanenera.

Thadzi lili bwino. Likudya, likumwa, lasamba.

Chimanga tadula koma sitinayambe kukolola, ndatanganidwa pang'ono pakhomo.

Ndifunseko: mbalame zamtunduwu zingathe masiku angati osadya chakudya cha m'kambale? Nanga mame ndi kuzizira kwa m'mawa zimapirira? Ndikungofunsa kuti ndidziwe.

Ndine bambo ako,
Alfredo Mbewe

Mualadzi, 3 Maio 2024

Iwe Nilza,

Moni mwana wa achimwene. Ine bondo lokhali, kwina konse ndili bwino. Ndaona bambo ako akupatsa a Celso kakalata kopyapyala, ndadziwiratu kuti sananene. Ndiye ndinene ine.

Kambalame kakamuna kanathawa dzana. Achimwene anatsegula chitseko m'mawa, atavala malaya a kutchalitchi ngati akutsegulira sukulu. Kanatuluka, kanatera pamango, kanatera pankhokwe, kenako kuuluka ulendo wa kudambo. Kakakazi kanali ndi nzeru, kanatsala. Madzulo anamwaza mawere pabwalo n'kumaitana ngati nkhuku mpaka mawu kusasa. Kubwera nkhuku zanga.

Kuyambira pamenepo sadya. Ndikawapititsira chakudya amangoti, "Ikani apo, alongo." Dzulo anayenda nyumba khumi ndi imodzi kulanda malegeni a ana onse, legeni limodzi kusinthanitsa ndi nzimbe imodzi. Ali nawo asanu ndi anayi m'thumba, apachika m'chipinda. Chimanga chili m'mikukwe, chiswe chikuchita phwando, iwo ali pansi pa mango ndi chingwe m'manja, atchera lichero ngati mwana.

A Baxter anawauza kuti, "Gwirani mpheta yakudambo, muipake katondo m'masaya. Wa ku tauni adzadziwa bwanji?" Achimwene anawayang'ana diso loti mpaka a Baxter anayamba kufunsa za bondo langa.

Lero atawerenga kalata yako anati, "Nkhuku ija ndinachita kupha ndekha, iyi ndachita kutsegulira ndekha." Mwanawe, ine ndimaseka, koma apa sindinaseke. Unawapatsiranji katundu wotere munthu woti ngakhale singano yobwereka amagona nayo kumutu? Lemba msanga, uwauze kuti kambalame si munthu.

Ndine azakhali ako,
Eneles

Mualadzi, 5 Maio 2024

Wokondedwa mwana wanga Nilza, Nambewe,

Moni wochuluka kwambiri. Kuno tonse tili bwino, ndipo ndikati tonse ndikuwerengera tambala. Ndikudziwa kuti azakhali ako anakulembera, pakamwa pawo palibe chitseko. Zimene ananena ndi zoona. Ndinalakwa kukubisira. Tsopano imva mmene zathera, chifukwa iwo sangafotokoze mwadongosolo.

Lachinayi m'mawa ndinamva thadzi likuitana m'nyumba, ndipo kutali kumtengo wa msangu wa kudambo kunayankha kalipenga kaja. Mpheta zakutchire zinali zambirimbiri pamenepo, koma mawu ake ndimawadziwa, ndawamva masabata atatu. Ndinadziwa kuti ali moyo ndipo akumva mkazi wake.

Pamenepo ndinakumbukira malemu agogo ako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Ndiwo zikasowa ankamanga njiwa imodzi yamoyo pafupi ndi msampha kuti iziitana zinzake. Ndinatulutsa khola, thadzi lili momwemo, n'kuliika pampando pansi pa mango. A Baxter anabwera ndi ulimbo, ndinakana. Ulimbo umazula nthenga, ndipo iwe unatumiza mbalame ya nthenga zonse.

Lachisanu ndinatchera lichero pambali pa khola, mawere pansi pake. Ndinagwira mpheta zakutchire zitatu, zonse ndinazitaya. A Baxter anagwira kumutu, akuti, "Ndiwo zikuuluka anthu tikuona!" Tambala anabwera masana. Koma ndinaona chinthu chimodzi: pansi satera. Sadziwa kudya pansi. Amangotera pamwamba pa khola n'kumayang'ana mkazi wake m'mipata ya waya, kenako kanthu kakagwedezeka wauluka. Anachita chomwecho kanayi. Ndinadziwa kuti lichero ndi la mbalame zakumudzi, iyeyu afunika china.

Loweruka kusanatenthe ndinamasula neti yanga ya udzudzu, n'kuipachika kunthambi ya mango pamwamba pa khola. M'mphepete mwake ndinamangirira miyala ing'onoing'ono isanu ndi umodzi kuti izigwa msanga. Ndinayeserera ndi chitsononkho kakhumi ndi kawiri mpaka ndinakhutira kuti mwala sungamugwere. Kenako ndinakhala kuseri kwa nkhokwe chingwe chili m'manja. Azakhali ako ndinawapempha atsekere nkhuku zawo ndi pakamwa pawo. A Baxter ndinawauza kuti ngati akufuna kuonerera akhale pansi asatsokomole.

Thadzi linaitana. Kunali zii. Linaitananso. Miyendo inachita dzanzi, nyerere zinandikwera, sindinagwedezeke. Dzuwa litafika pamwamba pa denga la azakhali ako, ndinamva kalipenga pamango. Anatsika nthambi imodzi, kenako ina, kenako pakhola. Sindinakoke. Ndinadikira mpaka atatembenuka kundipatsa msana, mlomo wake utagunda wa mkazi wake. Ndiye ndinamasula chingwe.

Nambewe, neti inagwa ngati mmene ndinaiphunzitsira. Ndinakwawira m'kati, ndinamugwira ndi dzanja limodzi mofatsa, mutu pakati pa zala ziwiri. Sindinadziwe kuti chamoyo chingapepuke chomwecho. Kamtima kake kankagunda pachikhatho panga, ndipo wanga unkagunda mofanana. Nditamubwezera m'khola anathamangira pakambale, anadya osapuma, kenako thadzi linayamba kumukonza nthenga za m'khosi.

A Baxter anavula chipewa. Anati, "AMbewe, ndayenda Zambia yense, koma munthu wobweza mpheta kuchokera kuthengo ndamuona lero." Madzulo anafotokozera anthu pakasitolo ka a Sónia, ndipo ndamva kuti m'nkhani yawo chingwe tinakoka awiri. Ndawasiya.

Ndamuyang'ana bwinobwino. Nthenga imodzi ya kumchira yasowa, maso ali bwino, miyendo ili bwino. Chitseko ndachimanga ndi waya pawiri. Pakalendala ndafufuta. Malegeni ndabweza kwa eni ake. Mawa ndiyamba kukolola.

Ziweto zako zilipo ziwiri, monga unazitumizira.

Ndine bambo ako,
Alfredo Mbewe

Tete, 11 Maio 2024

Okondedwa Ababa,

Moni. Makalata atatu onse ndawalandira tsiku limodzi. Ya azakhali inandiliza, yanu yomaliza ndawerengera anzanga onse ku farmasia. Érica sakukhulupirira, akuti yake ikathawa amangogula ina.

Koma nanenso ndili ndi choulula. Mbalamezo sindinasungitse, Ababa. Ndi zanu. Azakhali anandiuza pa telefoni ya a Sónia kuti mumatha tsiku lonse pakhonde osayankhula ndi munthu, ndiye ndinafuna kuti m'nyumbamo mukhale kanthu kopuma. Nditawerenga kalata yanu yoyamba ndinaona kuti mwaganiza zosungitsa, ndipo ndinakhala chete dala. Ndimakudziwani. Ndikanati ndi mphatso mukanati munthu wamkulu saweta mpheta, mukanapatsa ana. Koma cha mwini mumachisamala kuposa maso anu. Sindinaganize kuti mufika posiya kudya. Mundikhululukire.

Za nkhuku ija, ndinalira tsiku limodzi basi. Ngakhale mtundu wake ndinali nditaiwala. Chimene ndimakumbukira chaka chimenecho n'chakuti munandikweza panjinga mpaka ku Chifunde, bokosi langa lili kumutu kwanga, inu osapuma ngakhale pachitunda.

Ndiye mtima ukhale pansi. Mulibe choti mundibwezere, ndipo musadikire kuti ndidzabwera kudzazitenga.

Ndine mwana wanu,
Nilza

Mualadzi, 26 Maio 2024

Wokondedwa Nilza,

Moni. Tili bwino. Chimanga chalowa m'nkhokwe, chiswe chinadya mikukwe iwiri.

Kalata yako ndinailandira. Ndamva zonse. Zikomo chifukwa cha mphatso.

Ndaluka kadengu ka mlaza kukula ngati chibakera, ndakamangirira pakona ya khola. Tambala akututa udzu wofewa umene ndimamuikira. Nthenga ya kumchira yayamba kumera.

Chipinda chako ndinali nditachizira ndi dothi latsopano, poganiza kuti zikadzaswana udzabwera kudzawerenga ziweto zako, monga amachitira wosungitsa aliyense. Popeza palibe chodzatenga, ndiikamo mtedza. Patha chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri usanaponde pakhomo pano. Sindikudandaula, ntchito ndi ntchito. Ndikungowerenga.

Ndine bambo ako,
Alfredo Mbewe

Mualadzi, 30 Junho 2024

Wokondedwa mwana wanga Nilza, Nambewe,

Moni wochuluka. Kalata yanga ya pa 26 Maio sunayankhe. A Celso akuti anakupatsa m'manja, ndawafunsa katatu. Ngati mawu anga analemera, undikhululukire, ndinalemba mtima uli kwina. Ndikhulupirira sukudwala.

Tsopano imva nkhani. Zaswa!

Thadzi linaikira mazira asanu, limodzi patsiku, kuyambira pa 10 Junho. Ndi oyera, kukula ngati njere ya mtedza. Ukudziwa kuti nkhuku ikaikira timatenga mazira n'kuwalemba ndi khala kuti tidziwe oyamba. Khala ndinalitenga ndithu, ndinafika nalo pakhola. Kenako ndinakumbukira pa 1 Maio. Ndinati, Alfredo, izi si nkhuku, si nkhunda. Ndinaika manja kumbuyo. Masiku onsewa ndangosuzumira kamodzi patsiku, zonse ziwiri zikatuluka m'kadengumo kukadya. Ndipo udziwe kuti zimafungatira mosinthana, tambala naye amakhalira mazira. Ndinaitana a Baxter kuti adzaone, akuti, "Musauze akazi anga."

Kuzizira kwa chaka chino kwandidetsa nkhawa kwambiri. Thumba la chimanga ndi lokhakhala, bulangete ndi lolemera, lingatseke mpweya. Ndinatsegula bokosi lija koyamba chimwalirireni mayi ako, ndinatenga kapulana yawo, chitenje chobiriwira chija cha masamba a chinangwa. Ndimafundika khola dzuwa likamalowa, n'kusiya mpata wa zala zinayi kutsogolo. Ndikuganiza kuti a Luísa sakanakana. Akanandiseka kaye, koma sakanakana.

Lachinayi ndi Lachisanu anaswa anayi. Limodzi lasukusa. Ana ake ndi oipa, Nambewe, ngati ana a mbewa, ndipo ndikunena ine Mbewe. Alibe nthenga, maso otseka, khosi ngati ulusi. Koma onse anayi akudya. Ndikuphika dzira limodzi masiku awiri alionse, n'kulinyenya bwinobwino, ndipo lotsala ndimachotsa masana lisanasase. Anthu akubwera kudzaona mpaka ochokera ku Nsadzo. Ndimalowetsa awiriawiri, osayankhula mokweza.

Tsopano mlandu wathu. Ndauganizira mwezi wathunthu. Wati mbalamezi ndi zanga. Chabwino, ndavomera, ndine mwini. Ndipo mwini amachita chimene afuna ndi ziweto zake. Ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi tikadzawazindikira, ndikusungitsa kwa iwe. Ndanena pamaso pa azakhali ako ndi a Baxter, ndiye sizibwerera. Akadzaswana, mwana woyamba adzakhala wako monga mwa mwambo, otsalawo ndi anga, ndipo ndizidzafuna kumva za iwo.

Koma wosunga amabwera yekha kudzatenga, kuti mwini amuone m'maso ndi kumulangiza. A Celso sindiwapatsa, munthu wosunga kalata m'thumba masiku khumi ndi awiri. Ndiponso pali zambiri zimene sungaziphunzire papepala, monga kauziridwe ka mankhusu.

Mtedza sindinauikemo m'chipinda muja.

Ndine bambo ako, mwini mbalame,
Alfredo Mbewe

Tete, 6 Julho 2024

Okondedwa Ababa,

Moni. Sindikudwala. Kalata yanu ija ndinayamba kuiyankha katatu, katatu konse ndinang'amba.

Si ntchito yokha imene yandiletsa kubwera. Feriya, tchuthi cha kuntchito, ndinapatsidwa chaka chatha, ndinangokhala kuno m'nyumba. Ndimaopa, Ababa. Ndimaopa kufika pakhomo, kuodira, n'kusamva amayi akuti, "Walowa ndani wosagogoda ngati mbuzi?" Tsiku lija titachoka kumanda nyumba inali chete moti ndinkamva kupuma kwanga. Ndinatumiza mbalame kuti zikakhale m'malo mwanga, ndipo ndikuona tsopano kuti ndinakusungitsani chinthu cholemera kuposa mbalame.

Dzulo ndinaimbira azakhali pa telefoni ya a Sónia. Akuti m'nyumba mwanu masiku ano muli phokoso loti munthu sumva mnzako, akuti ana anayi akamapempha chakudya amamveka mpaka kuchitsime. Ngati ndi choncho, mwina ndingathe kulowa.

Ndavomera kusunga. Érica akuti ana asachoke kwa makolo mpaka atayamba kusenda okha njere, ndiye ndapempha feriya kuyambira pa 17 Agosto, masabata awiri. Kakhola ndibwera nako. Kapulana yobiriwirayo musaichape, ndikufuna ndidzaione ili pakhola pomwepo.

Ndine mwana wanu, wosunga ziweto zanu,
Nilza

Mualadzi, 11 Agosto 2024

Wokondedwa Nambewe,

Moni. Tonse tili bwino, anthu ndi mbalame zisanu ndi imodzi. Ana onse anayi akusenda okha, ndaona ndi maso anga mankhusu akugwa. Awiri ayamba kufiira masaya, ndiye amuna ndi awiri, akazi awiri. Ako ndasankha kale, koma sindikuuza, ndione ngati udzaloza omwewo.

Mvera bwino izi:

1. Kakhola kako mipata ya waya isalowe chala chaching'ono. Uyese usanagule.
2. Chitseko chake chikhale chomangika. Usaseke.
3. Mawere usagule, ndakupetera chitini chodzaza.
4. Telefoni ndaitulutsa m'bokosi, a Sónia aitchaja, ikuyaka. Mukadzayandikira udzandiimbire kuti ndiyambepo kuyenda. Njinga ndidzabwera nayo, katundu adzakwere, ife tidzayende wapansi.

Azakhali ako afuna kupha nkhuku Loweruka. Ndawafunsa kawiri ngati ili yawoyawo, osati yosungitsa. Akuti ndi yawo.

A Celso ndalankhula nawo kale za mpando wakutsogolo, wa pazenera, kumene sikugwedeza kwambiri. Pobwera ndi wa munthu mmodzi. Pobwerera ndawauza kuti mudzakhala atatu.

Ndine bambo ako,
Alfredo Mbewe